TIMU IKATSIKA, OCEMERERA AYAMBE AFUNSA ZA NDALAMA

Pa 28 Meyi 2023 timu ya Leicester City ya ku England inagonjetsa West Ham United ndi zigoli ziwiri kwa cimodzi pa bwalo lake lomwe, koma ocemerera ake anabwerera kwao ali cete monga anthu ocokera ku maliro. Kupambana kumeneko sikunathandize kanthu, popeza Everton nayonso inapambana tsiku lomwelo, ndipo Leicester inathera pa nambala 18 mwa matimu 20, iri ndi mapointi 34 okha. Lamulo la Premier League limati matimu atatu othera pansi atsike kupita ku ligi yaciwiri yochedwa Championship. Motero timu imene inadabwitsa dziko lonse potenga ligi mu 2016 inatsika patangopita zaka zisanu ndi ziwiri.

Nkhani imeneyi inawawa anthu ambiri ngakhale kuno ku Zambia, cifukwa m'timuyo munali Patson Daka, mnyamata amene anakulira ku Kafue. Kuyambira pamene iye anapita kumeneko mu 2021, anthu amene kale sanali kuidziwa Leicester anayamba kuilondola pa wailesi ndi m'nyumba zoonetsa mpira za pa misika. Itatsika, mkangano wa ocemerera a mumzinda wa Leicester unamvekanso pakati pa okonda mpira a ku Chipata, Katete ndi Petauke. Ena anati eni timu atulutse ndalama agule osewera amphamvu kuti timu ibwerere msanga. Ena anati onse amene anaitsitsa agulitsidwe. Enanso anali ndi maina okonzeratu a osewera ofunika kugula, ndipo anali kukangana za amene aposa mnzake kumwetsa zigoli. Mkangano womwewo unabukanso mu 2025 pamene timuyo inatsika kaciwiri.

Kukangana za osewera nkokoma, ndipo palibe angaletse munthu wokonda timu yake kulota za amene adzabvala malaya ake. Koma mbiri ya Leicester ionetsa kuti funso la amene ayenera kugulidwa liyenera kudza pambuyo. Loyamba ndi ili: kodi timu ilandira ndalama zingati pa caka, nanga itulutsa zingati? Ocemerera amene safunsa funso limeneli amathandiza okha kukankhira timu yao m'dzenje, pakuti eni matimu amaopa mkwiyo wa anthu, ndipo kawirikawiri amagula osewera ndi ndalama zimene alibe kuti anthuwo akhale cete.

CIMENE TIMU IMATAYA POTSIKA

Cuma cacikulu ca matimu a ku England cimacokera ku makampani a wailesi ya kanema amene amalipira kuti aonetse masewero. M'zaka za 2023 ndi 2024, ngakhale timu yothera pansi penipeni pa Premier League inalandira mapaundi opitirira 100 miliyoni. Timu wamba ya mu Championship inali kulandira gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zimenezo, kapena kucepera apo. Ndiye kuti timu ikatsika, cuma cake cimaphwa usiku umodzi, pamene mapangano amene inalemberana ndi osewera akali ndi zaka ziwiri, zitatu kapena zinai kuti athe, ndipo malipiro ayenera kuperekedwabe mwezi uli wonse.

Premier League imapatsa matimu otsika ndalama zowathandiza kuti asagweretu. M'caka coyamba timu imalandira magawo 55 mwa magawo 100 a ndalama za kanema zimene matimu a pamwamba amagawana mofanana, m'caka caciwiri magawo 45, ndipo m'caka cacitatu magawo 20. Timu imene inakhala pamwamba caka cimodzi cokha silandira za caka cacitatu. Thandizo limeneli liri ngati cimanga ca cithandizo pa nthawi ya njala: cimapulumutsa banja kwa miyezi yowerengeka, koma sicilowa m'malo mwa munda. Palinso lamulo limene m'zaka zimenezo linali kuletsa timu ya mu Premier League kuluza mapaundi opitirira 105 miliyoni pa zaka zitatu, ndipo mu Championship malire ake anali 39 miliyoni. Everton ndi Nottingham Forest zinalandidwa mapointi m'nyengo ya 2023 mpaka 2024 cifukwa cophwanya lamulo limeneli. Conco timu yotsika singagule mwacisawawa ngakhale mwini wake atakhala wolemera cotani.

M'MENE LEICESTER INAKWERERA

Anthu amene amati mankhwala a timu yotsika ndiwo kugula osewera odula aiwala m'mene Leicester inapezera ulemerero wake. Jamie Vardy anagulidwa mu 2012 kucokera ku Fleetwood Town, timu imene nyengo imeneyo inali kusewera kunja kwa maligi anai akuluakulu, pa mtengo wa mapaundi 1 miliyoni. Riyad Mahrez wa ku Algeria anacokera ku Le Havre, timu ya ligi yaciwiri ku France, mu 2014, pa mtengo wosafika theka la miliyoni. N'Golo Kanté anacokera ku Caen mu 2015 pa mtengo wosafika mapaundi 6 miliyoni. Palibe wocemerera amene anali kupfuula kuti maina amenewa agulidwe, cifukwa ambiri sanali kuwadziwa nkomwe. Anawapeza ndi anthu a nchito yofufuza osewera, amene anayenda m'mabwalo ang'onoang'ono kuyang'ana maluso amene matimu olemera sanawaone. Ndi osewera otere mphunzitsi Claudio Ranieri anatengera ligi mu 2016.

Kucokera pamenepo timuyo inali ndi mwambo wogulitsa wosewera mmodzi wamkulu caka ciri conse ndi kugwiritsa nchito ndalamazo pogula acinyamata. Kanté anapita ku Chelsea mu 2016 pa mtengo wopitirira kasanu umene anagulidwira. Danny Drinkwater anamtsatira mu 2017. Mahrez anapita ku Manchester City mu 2018 pa mapaundi 60 miliyoni, Harry Maguire ku Manchester United mu 2019 pa mapaundi 80 miliyoni, ndipo Ben Chilwell ku Chelsea mu 2020. Nthawi iri yonse ocemerera anadandaula kuti timu yao yasanduka msika, koma ndalama zimenezo ndizo zinali kulipira malipiro ndi kutseka mipata ya m'mabuku. Ndi mwambo umenewu timuyo inathera pa nambala 5 mu 2020 ndi mu 2021, ndipo mu Meyi 2021 inatenga cikho ca FA Cup kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake, itagonjetsa Chelsea ndi cigoli ca Youri Tielemans.

PAMENE MWAMBO UNASIYIDWA

Kawiri konse, mu 2020 ndi mu 2021, Leicester inaphonya malo a mpikisano wa Champions League pa tsiku lotsiriza la ligi. Mpikisano umenewo ndiwo uli ndi ndalama zambiri ku Ulaya konse, ndipo akuluakulu a timu anaona ngati watsala pang'ono kugwidwa ndi manja. Cotero mu 2021 anacita cimene ocemerera anakhala akupempha kwa zaka zambiri: sanagulitse wosewera wamkulu ali yense, koma anagula ena oonjezera, pakati pao Patson Daka pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 23 miliyoni, Boubakary Soumaré ndi Jannik Vestergaard. Anthu anaomba m'manja. Koma akulu akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Timuyo inathera pa nambala 8, ndalama za Champions League sizinabwere, ndipo mabuku a caka cimeneco anaonetsa kuti yaluza mapaundi 92.5 miliyoni.

Caka cotsatira zinthu zinaipiratu. Mu 2022 Wesley Fofana anagulitsidwa ku Chelsea pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 70 miliyoni, koma ndalamazo zinangolowa m'dzenje limene linakumbidwa kale, ndipo mphunzitsi Brendan Rodgers sanapatsidwe osewera atsopano okwanira. M'nyengo imene timu inatsika, inalandira mapaundi pafupifupi 177 miliyoni, pamene malipiro okha a osewera ndi anchito anapitirira 200 miliyoni. Ndiye kuti pa mapaundi 100 ali onse olowa, mapaundi 116 anali kutuluka kupita ku malipiro, asanawerenge za maulendo, za kusamala bwalo ndi za ngongole. Caka cimeneco inaluzanso mapaundi 89.7 miliyoni. Mlimi amene alonjeza aganyu ake matumba ambiri kuposa amene munda wake ubala adziwa yekha kumene njira imeneyo ithera.

Panalinso kutaya kwina kumene ocemerera ambiri sanakuwerengere. Tielemans anagulidwa mu 2019 pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 40 miliyoni, ndipo Ayoze Pérez pa mapaundi 30 miliyoni caka comweco. Onse awiri anacoka mu 2023 mapangano ao atatha, timu osalandirapo ngakhale ngwee imodzi. Akadagulitsidwa caka cimodzi kapena ziwiri m'mbuyomo, ocemerera akadakwiya kwa mlungu umodzi, koma timu ikadapeza ndalama zogulira olowa m'malo ao. Mwini timu, Aiyawatt Srivaddhanaprabha, anafafaniza ngongole ya mapaundi 194 miliyoni imene timu inali nayo ku kampani ya banja lake kuciyambi kwa 2023. Kukoma mtima kumeneko kunapeputsa katundu, koma sikunasinthe cakuti zotuluka zinali kuposa zolowa.

YANKHO KWA OFUNA KUGULA

Amene amafuna kuti timu yotsika igule msanga ali ndi mfundo yoyenera kuimvera. Iwo amati ndalama za thandizo zimatha pa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo timu imene sibwerera m'zaka zimenezo ingathe kukhala pansi zaka zambiri. Amaonjezera kuti Leicester yomweyo inasunga osewera ambiri a malipiro apamwamba mu 2023, inagula Harry Winks ndi ena, ndipo pansi pa mphunzitsi Enzo Maresca inatenga Championship mu 2024 ndi mapointi 97. Zonsezi nzoona.

Koma nkofunika kuona cimene cinalipira ulendo umenewo ndi kumene unathera. Kuti mabuku alingane, timuyo inagulitsa James Maddison ku Tottenham Hotspur pa mapaundi 40 miliyoni ndi Harvey Barnes ku Newcastle United pa mtengo wocepera pang'ono pa umenewo. Itangokwera, inagulitsanso Kiernan Dewsbury-Hall, mmodzi wa osewera amene anaikweza, ku Chelsea pa mapaundi 30 miliyoni. Mu Marici 2024, isanamalize nkomwe nchito yokwera, Premier League inaiimba mlandu wophwanya lamulo la ndalama. Mlandu umenewo inaupulumuka mu Seputembala caka comweco pa mfundo ya malamulo yakuti panthawiyo sinali membala wa ligiyo, koma mu Meyi 2025 inaimbidwa mlandu wina. Ndipo m'bwalo zinthu zinakanika: inagonja masewero asanu ndi anai motsatizana pa bwalo lake popanda kumwetsa ngakhale cigoli cimodzi, nitsikanso pa 20 Epulo 2025 itagonja kwa Liverpool. Inathera ndi mapointi 25. Kubwerera msanga kunacitikadi, koma kunacitika nyumba isanakonzedwe, ndipo kugwa kwaciwiri kunapeza timu yofooka kuposa poyamba.

Pali phunziro lina m'maina a ogulitsidwawo. Barnes, Chilwell ndi Dewsbury-Hall onse analeredwa ndi Leicester kuyambira ali ana. M'mabuku a timu, mtengo wa wosewera wogulidwa umagawidwa pa zaka za pangano lake, kotero wogulidwa pa 25 miliyoni pa pangano la zaka zisanu amadya 5 miliyoni caka ciri conse, kuonjezera pa malipiro ake. Wosewera wolera wekha alibe mtengo wotere m'mabuku, ndipo akagulitsidwa ndalama zonse zimawerengedwa phindu. Pa tsiku la mabvuto, ana a pakhomo ndiwo anapulumutsa timu, pamene ena mwa ogulidwa pa mitengo yaikulu anacoka ulere.

ZIMENE ZINAONEKA KWINA

Leicester si timu yoyamba kupunthwa pa mwala umenewu. Leeds United, imene kaputeni wake anali Lucas Radebe wa ku South Africa, inafika mu ndime yaciwiri kwa yotsiriza ya Champions League mu 2001. Caka comweco inakongola mapaundi 60 miliyoni podalira ndalama zimene inayembekeza kudzalandira m'tsogolo. Itaphonya mpikisanowo inayamba kugulitsa osewera mmodzimmodzi, inatsika mu 2004, inagulitsa bwalo lake la Elland Road, ndipo mu 2007 inalephera kubweza ngongole nitsikira ku ligi yacitatu. Panapita zaka 16 kuti ibwerere mu Premier League mu 2020. Bury, timu imene inayamba mu 1885 ndipo inatenga FA Cup kawiri, inacotsedwa m'ligi mu 2019 cifukwa ca ngongole, ocemerera ake natsala opanda timu yoti akaonere Loweruka. Leicester yomwe inalawapo zowawa zimenezi mu Okutobala 2002, pamene itatsika inalephera kulipira ngongole zake, mpaka gulu la anthu lotsogozedwa ndi wosewera wake wakale Gary Lineker linasonkha ndalama kuiombola. Mabvuto otere ndiwo anacititsa nyumba ya malamulo ya ku Britain kukhazikitsa lamulo mu 2025 lopanga bungwe loima palokha loyang'anira cuma ca matimu a ku England.

Okonda mpira a ku Zambia saidziwira pa wailesi pokha nkhani imeneyi. Matimu a ku migodi monga Mufulira Wanderers ndi Roan United anakula podalira thumba limodzi, la kampani ya migodi. Migodi ya ZCCM itagulitsidwa, nchito imene inamalizika mu 2000, thandizo linacepa, ndipo matimu amenewa, amene anali ndi mbiri yaikulu, anaona masiku obvuta mpaka kutsika m'ligi yaikulu. Ocemerera ao sanacepe cikondi, ndipo maluso sanathe m'makomboni a ku migodi. Cimene cinasowa ndi ndalama zimene timu ikadapeza payokha.

Mbiri ya Patson Daka yemwe iphunzitsa cimodzimodzi. Red Bull Salzburg ya ku Austria inamtenga kucokera ku Kafue Celtic mu 2017, caka cimene iye ndi anzake anatenga cikho ca Africa ca osapitirira zaka 20 mu Lusaka. Inamlera, iye namwetsa zigoli 27 mu ligi ya ku Austria m'nyengo yake yotsiriza, ndipo inamgulitsa pa mtengo waukulu. Caka comweco ca 2021 inagulitsanso Enock Mwepu ku Brighton. Salzburg inacita cimene Leicester inali kucita kale: kupeza mnyamata asanachuke ndi kumgulitsa atachuka. Daka anaonetsa luso lake pamene anamwetsa zigoli zinai m'masewero amodzi ndi Spartak Moscow mu Okutobala 2021, ndipo kutsika kwa timu sikungaikidwe pa mutu wa wosewera mmodzi. Koma iye anafika pa nthawi imene timu inaleka kugulitsa niyamba kudalira ndalama za mawa, ndipo zaka zake zabwino zinagwera m'nyengo ya cipwirikiti, aphunzitsi akusinthana kawirikawiri.

MAFUNSO OYENERA

Wocemerera ali ndi mphamvu kuposa m'mene amaganizira. Eni matimu amamva zimene anthu anena m'bwalo ndi pa wailesi. Ngati mau onse a anthu ali oti agule, eni timu adzagula, ndipo ngongole idzatsalira timu iwo atacoka. Nkwabwino tsono kuti mkangano wa pambuyo pa kutsika uyambe ndi mafunso ena. Kodi malipiro adya gawo lotani la ndalama zolowa? Kodi m'mapangano a osewera muli mfundo yakuti malipiro atsike timu ikatsika? Ndi osewera angati amene mapangano ao atsala ndi caka cimodzi, amene ayenera kugulitsidwa tsopano asanacoke ulere? Kodi bwalo likali la timu, kapena laikidwa cikole? Ndi anyamata angati a pakhomo amene akonzeka kupatsidwa mpata? Ku England mabuku a matimu amasindikizidwa caka ndi caka, ndipo ali yense angathe kuwawerenga. Kumene mabuku sasindikizidwa, mamembala a timu ali nao ufulu wowafunsa pa msonkhano wa pa caka, monga momwe mamembala a kopaletivu amafunsira mlembi ndi msungicuma wao.

Mafunso amenewa atayankhidwa, pamenepo mpomwe maina a osewera ogula angachulidwe, ndipo ocemerera ayenera kukhala okonzeka kulandira maina amene sanawamvepo. Ayeneranso kuleza mtima wosewera wokondedwa akagulitsidwa pa nthawi yake, ndi kupirira ngati kubwerera kutenga zaka ziwiri kapena zitatu m'malo mwa cimodzi. Pa 18 Meyi 2025, Leicester itatsika kale, Jamie Vardy anasewera masewero ake a nambala 500 ndi otsiriza m'malaya a timuyo, namwetsa cigoli cake ca nambala 200. Anthu zikwizikwi anaimirira kumtsazika munthu amene anagulidwa ndi mapaundi 1 miliyoni, natumikira zaka 13. Pa mndandanda uli wonse wa osewera amene ocemerera anali kufuna mu 2012, dzina lake likadakhala pansi penipeni, ngati likadalembedwa nkomwe.